Musamutsitse Ines

Mwana wanga Ines atayamba kugwira mwendo wa tebulo n'kumaimirira, ndinapita kumsika wa Lachinayi kukamugulira masokosi a nayiloni, oterera aja. Apongozi anga a Splendora nawo anayamba kupukuta matailosi a kukhitchini m'mawa ndi madzulo mpaka ankawala ngati mbale yatsopano. Mwana akati aimirire, timapazi tinkangoti tsee, iye phwata pansi ndi thewera lake, n'kutiyang'ana ndi diso loipa. Ankadziwa kuti pali chiwembu.

Chiwembucho chinalipodi. Kwathu ku Collevetra mkazi akaima amapita kuphanga la Ilario Woyera, tsidya lina la chigwa, kukabwereka mwala umodzi pamulu umene uli m'katimo. Amauika kunsi kwa matiresi mpaka atachira. Kenako mwalawo uyenera kubwerera pamulu, uchoke m'dzanja la mayi yemweyo, mwana ali pompo, ndiponso asanayambe kuyenda. Ukachedwa, akuti miyendo ya mwanayo idzamutulutsa pachipata cha mudzi ndipo sadzatembenukanso.

Ine si munthu woopa zilizonse. Koma mimba ya Ines inandigoneka chagada miyezi yathunthu, ndipo mwala umenewo ndinauuza zinthu zimene ngakhale Nazario, mwamuna wanga, sanazimvepo. Unagwira ntchito yake, unayenera kubwerera kwa mwini wake. Za kupita kutali, apite ndithu, akaphunzire apitirire pamene ndinalekezera ine. Koma azidzabwera. M'mudzi monse mwana wamng'ono anali yekhayo, ndipo sukulu yathu anaisandutsa mosungira mipando ya pachikondwerero.

Sikuti tinachita ulesi. Chipale chofewa chitasungunuka, phiri linagumuka n'kukwirira njira yakuphanga. Ines anamera mano, anakwawa, anaimirira, njira ili chitsekere. Anadzaitsegula mu Ogasiti, Nazario ali kumpoto kukathira phula m'misewu ya anthu ena, galimoto yathu ili naye komweko. Basi yakwathu kuphanga sifika.

Sabata lomwelo kunabwera amalume a Berardino, achimwene awo a apongozi anga, amene anapita ku Canada akadali mnyamata. Chichokere, aka kanali koyamba kupondanso kuno. Anabwera ndi akazi awo a Maureen, pa galimoto yobwereka, yaitali, yakuda ngati yonyamula maliro.

"Mawa ndikamuonetsa Maureen dziko lathu lonse," anatero amalume tikudya. "Nsanja, tchalitchi, kwa masisitere, kasupe, zonse."

"Kuphanga choyamba, achimwene," anatero apongozi. "Zinazo pambuyo. Chifukwa chake mukuchidziwa."

"Ndikuchidziwa, chemwali, ndikuchidziwa."

Ankachidziwadi, pakuti mwala umene unachedwa kubwerera m'banja limenelo unali wawo. Amayi awo anadwala chaka chimenecho, iwo anayamba kuyenda mwala ukadali kunsi kwa matiresi, ndipo kumene miyendo inawafikitsa tonse tinkakudziwa. Apongozi anali kamtsikana pamene anawaperekeza pachipata. Tsopano onse awiri anali ndi imvi.

M'mawa ndinakonzeka dzuwa lisanatenthe. Matewera, madzi ndi buledi m'chikwama. Mwala ndinauika m'thumba la diresi, chifukwa chikwama munthu umatha kuchiiwala pampando. Ines ndinamukhazika pachiuno, masokosi ali kumapazi. Amalume anatuluka atavala jekete, mu Ogasiti, thumba lakumanja likukokera phewa pansi.

"Khofi kaye pabwalo," anatero. "Munthu sangapite kwa woyera m'kamwa muli gwa."

Pabwalo panali madala omwewo a masiku onse, pabenchi yomweyo. A Quirino, amene kale ankameta anthu, anakankhira chipewa kumbuyo n'kuyang'anitsitsa.

"Kodi uyu si Berardino Miyendo uyu? Iwe! Tinakuimbira kale Misa ya maliro, ukufunanso chiyani?"

"Quirino! Ukadali ndi moyo? Ndi lezala lako lija ndinkayesa anthu anakupha kalekale."

"Ondiphawo anatha, onse anakutsatira iwe. Taona chimimbacho. Ku Canada mumadya ndi fosholo?"

Anakumbatirana mpaka zipewa kugwa. Kenako a Quirino anaona Ines, n'kutulutsa makiyi m'thumba, kuyamba kuwaliza ngwelengwele pafupi ndi pansi.

"Tamutsitsa kadonako, Loreta. Bwera kwa agogo, bwera!"

Apongozi anawamenya dzanja ndi chokupizira mphepo, makiyi n'kugwa.

"Mukufuna nayenso mudzamuimbire Misa?"

"Aa, mwala uja sunapitebe?"

"Ukanakhala uli m'njira pano mukanapanda kutsegula pakamwa."

Benchi yonse inadzuka. "Ndiye mukutani pano? Nyamukani! Berardino, nyamuka!" Amalume anavomera ndi mutu, n'kuitanitsa khofi wina.

A Maureen chilankhulo chathu ankadziwa mawu awiri, "zikomo" ndi "kukongola", ndipo ankawagwiritsa ntchito mosaumira. Anali mayi wamtali, wansangala, wa chipewa chachikulu ngati lichero. Analoza nsanja n'kunena kuti kukongola. Amalume anati maondo awo sangakwere, apongozi anati awo ndiye kaya, ndiye ndinakwera ndine, mwana pachiuno, chifukwa pali sitepe ina yothyoka imene mlendo sangaidziwe. Pamwamba a Maureen anajambula madenga, akhwangwala, zovala za anthu pachingwe. Ine ndinkayang'ana tsidya. Phanga limaoneka ngati kadontho kakuda pathanthwe, pamwamba pa busa limene ndinkadyetsako nkhosa za bambo anga nditasiya sukulu. Nkhosa yotsogolera ikalowera kolakwika ndinkaibweza ndi mwala umodzi, osaigenda, kungougwetsa patsogolo pa mphuno yake. Tsiku limenelo kunalibe nkhosa. Kunali mabasi, atandandalika m'munsi mwa thanthwe. Si ife tokha tinamva kuti njira yatseguka.

Titatsika tinapeza amalume atasowa. Tinakawapeza kumtunda kwa tchalitchi, ataima pakhomo pa nyumba imene anabadwiramo. Pano ndi ya anthu a ku Holland amene amabwera nyengo yotentha yokha. Chitseko anachipaka utoto wobiriwira.

"Chemwali, taona. Maluwa. Adzala maluwa m'chodyera nkhumba."

"Nkhumbazo zinkanunkha, achimwene. Tiyeni."

"Ndi apa," anatero amalume, akugogoda mwala wa pakhomo ndi nsapato. "Kuyenda ndinayambira apa, kukafika pachitsime paja. Akuti amayi anali kukanda ufa wa buledi, anatuluka manja ali mbuu, n'kukhala pansi kuyamba kulira. Ine ndikuseka."

Ines anawerama kufuna kugwira maluwa aja, kulemera kwake konse kunapita kutsogolo, ndipo ndinamva msana wanga ukulankhula. Ndinamusinthira mbali ina.

"Amalume, dzuwa lakwera."

"Inde, mwana wanga. Ndikatenge galimoto, chemwali asavutike kutsika."

Galimoto timazisiya kunja kwa linga, aliyense amadziwa. Chipata chathu anamangira abulu, ndipo ngakhale buluyo akasenza madengu awiri amalowa mopendekeka. Ndisanatsegule pakamwa amalume anali atapita. Titafika kumunsi tinapeza chigalimoto chija chitalowetsa mutu m'chipata ngati chivindikiro cha botolo, magalasi a m'mbali atapindika, amalume ali m'kati sangathe ngakhale kutsegula chitseko. Benchi yonse ya pabwalo inali itasamukira pamenepo.

"Kumanzere, Berardino!"

"Kumanzere kwa ndani? Kumanja!"

"Musiyeni pomwepo," anatero a Quirino. "Tapeza chotsekera. Sipatulukanso munthu m'mudzi muno."

Mayi wa buledi anali kunja ndi dengu lake, bambo wa makalata m'kati ndi njinga yake, onse akutukwana. Ndinapereka Ines kwa apongozi, ndinakwinya diresi mwala usagwe, ndinakwera paboneti n'kutsetserekera kumbuyo, ndinalowera chitseko cha katundu. Amalume ndinawauza asunthire mpando winawo. Galimoto ya mkaka ya eni ake ndimayendetsa m'mawa uliwonse m'njira zoipa kuposa pamenepo. Ndinaibweza pang'onopang'ono mpaka inatuluka, utoto pang'ono n'kutsala pakhoma kuti ukhale chikumbutso. Madala anaomba m'manja. Makiyi sindinabweze.

"Kuyambira pano woyendetsa ndine," ndinatero.

"Nazario anakwatira msilikali," anatero amalume.

"Anakwatira munthu wodziwa kukula kwa chipata," anayankha apongozi, akukhala pampando wakumbuyo.

Tsoka lake, nyumba ya masisitere ili m'mbali mwa msewu womwewo, ndipo ngakhale apongozi sakanalola kuidutsa osaima. Masisitere athu saoneka. Pakhoma pali chimbiya chathabwa chozungulira. Umagogoda, umanena chimene ukufuna, chimbiyacho chimatembenuka n'kukubweretsera mabisiketi a mtedza wa amondi. Amalume anagogoda ngati mwini nyumba.

"Sisitere, ndine Berardino, mwana wa Assunta wa kumtunda kwa tchalitchi. Simungandidziwe."

Kuseri kunamveka mawu a munthu wokalamba, ochepa ngati a mbalame.

"Berardino amene anatiikira mphaka m'chimbiyamu?"

Amalume anagwira chipewa pachifuwa. "Ndinali mwana, sisitere."

"Ine ndinali ndisanalowe usisitere, koma nkhaniyo timaiphunzira chaka choyamba. Zidzukulu za mphakayo zikadali kuno. Mutenga mabisiketi, kapena mwabwera kudzatenga amphaka anu?"

Apongozi anaseka mpaka kutsamira khoma, ndipo inenso ndinaseka, sindikana. Chimbiya chinatembenuka kawiri, ulendo wachiwiri chinabwera ndi kamendulo ka mwana. Ndinaiwala dzuwa kwa kanthawi.

M'munsi mwa nyumbayo muli kasupe amene anthu amasambitsako maso ndi mapazi. Ndinasiya Ines m'manja mwa apongozi kuti ndikadzaze mabotolo pampopi wa kuseri. Apongozi anafuna kupemphera ndi manja onse awiri, anapereka mwana kwa mlamu wawo. Pobwera ndinakumana ndi sokosi imodzi ikuyandama m'ngalande, inzake ikuitsatira. Ndinakweza maso. A Maureen anali atamuvula mwana masokosi chifukwa cha kutentha, atamuviika timapazi m'madzi, ndipo tsopano anali atamuimika pamwala wouma, wokhakhala, akumugwira ndi zala ziwiri zokha. Ines anali ataima nji, zala zakumapazi zitagwira mwala, nkhope ikuwala ngati wapeza chuma.

"Mayo! Musamutsitse!"

Mabotolo anagwa. Ndinamutsomphola mwana ngati kabawi. A Maureen anatsala manja ali m'mwamba, akuyang'ana uku ndi uku, sakudziwa chimene alakwa. Ines analira mokuwa, kulira kwa mkwiyo kopanda misozi.

"Achimwene," anatero apongozi, korona ikadali m'manja, "mlamu wangayu simunamuuze?"

Amalume anayang'ana m'ngalande momwe munapita masokosi.

"Zaka zonsezi?"

"Ku Canada nkhani za miyala sizimveka bwino, chemwali. Ukaiyamba pakati pa chakudya anthu amakuyang'ana ngati wadwala."

"Muuzeni pano. Ife tidikira."

Anawauza m'Chingerezi, mwachidule, akuloza ine, Ines, ndi thanthwe. A Maureen anamvetsera osaphethira. Atatha sanayang'ane ine kapena mwana. Anayang'ana thumba la jekete la amuna awo, n'kunena mawu ochepa, otsika. Amalume makutu anafiira. Kenako mayiyo anavula chipewa chija, anachiveka Ines, anatola mabotolo anga, n'kuyamba kuyenda chakugalimoto ndi miyendo yawo yaitali ija. Atafika anatembenuka n'kutulutsa mawu achitatu amene sitinkadziwa kuti ali nawo.

"Tiyeni!"

M'chigwa amalume anayesanso. Pamlatho pali bambo wina wootcha kanyenya wa nkhosa pa timitengo, utsi wake umakupeza usanakhote.

"Tikhale pansi pang'ono, mwana wanga, pamthunzi paja. Ndalota kanyenya ameneyu kuyambira ndili ndi tsitsi."

Ndinaimitsa galimoto osazimitsa, ndinagula kudzera pawindo, ndinawapatsa mtolo wonse m'manja.

"Lotani muli m'galimoto, amalume."

Anadya mafuta akutsikira m'zigongono, akudandaula kuti alibe vinyo, koma ndinaona kuti dzanja lina silinkachoka pathumba lija.

Kuchokera poimika mabasi, njira imakwera thanthwe mokhotakhota. Pamene panagumuka anaikapo matabwa atsopano onunkhira utomoni. Anthu anali ambiri, ena osavala nsapato, ena ndi makandulo aatali ngati ndodo. Ines anali atalawa kuima pamwala ndipo sankafunanso za chiuno changa. Ankadziwongola ngati thabwa, kundiponda m'mimba, kuloza pansi n'kumakuwa. Dzanja langa lamanzere linali litafa kalekale. Apongozi anatsalira m'mbuyo, akupuma pakona iliyonse, a Maureen atawagwira mkono. Amalume, amene m'mawa maondo awo sakanatha kukwera nsanja, anali pambali panga.

Pamwamba pali kabwalo kafulati kozingidwa ndi kakhoma kafupi. Pakamwa pa phanga ndi potakasuka ndithu, koma kanjira kolowera n'ka munthu mmodzimmodzi, pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo pansi pamaterera ndi madzi odontha. Mulu wa miyala uli m'kati, kumanja, umaoneka uli panja. Kanjira konse kanali kodzaza ndi amayi a basi imodzi, ovala mipango yofanana yachikasu, akuimba nyimbo ya woyera wathu. Nyimbo imeneyo ndimaidziwa. Ikayamba, mphika wa nyemba umapsa isanathe.

Ndi mwana wolimbana chotero sindikanatha kupanikizana nawo pamalo oterera. Pakabwalopo ndi pamaso pa woyera kale, mwana akakhala pamenepo zimakwanira. Amalume anali atakhala pakakhoma.

"Simulowa?"

"Ndipume kaye."

Ndinawakhazika Ines pamiyendo. "Manja onse awiri, amalume. Akalira, alire. Akakulumani, akulumeni."

"Pita, msilikali."

Ndinalowa pamzere, mwala uli m'dzanja. Ndi wodzaza chikhatho, wotuwa, wosalala mbali imodzi chifukwa cha kuusisita kwanga. Ndinayesa kupempha njira. "Pepani amayi, ndingodutsa." Mayi wa patsogolo panga, wathupi ngati kabati, ananditembenukira akuimbabe n'kundiloza kumbuyo ndi chibwano. Mzere sunasunthe. Anamaliza ndime ina n'kuyamba ina.

Sindikudziwa chimene chinanditembenuza. Mwina kunali kukhala chete kwa Ines, pakuti anali atasiya kulira.

Amalume anali atatulutsa chinthu m'thumba la jekete. Unali mwala, wakuda ndi kugwiridwa, ndipo anaufumbata ndi manja onse awiri amene ndinawauza aja, mutu uli pansi. Ines anali atatsetsereka pamiyendo yawo. Anaima pansi, wopanda masokosi, dzanja limodzi pabondo lawo. Anayang'ana kabwalo konse ngati munthu amene wagula malo. Kenako anachotsa dzanja lija. Manja onse m'mwamba, chipewa cha a Maureen chitapendekeka, anadendekera uku, anadendekera uko. Ndinaona apongozi akutulukira pamwamba pa njira, pakamwa pali yasa. Phazi lamanja la Ines linanyamuka.

Kubwerera kukamugwira kunali kutali. Mulu unali pafupi kuposa nkhosa zambiri zimene ndinabwezapo.

"Weramani!"

Mipango yachikasu inatsika yonse pamodzi. Ndinaponya cham'munsi, mokweza pang'ono kuti udutse zitsulo. Mwala unadutsa pamwamba pa mitu, unalowa mumdima, n'kugwera pamulu, khwa! Timiyala tina tinagubuduka. Nyimbo inaduka pakati pa mawu.

Ndinatembenuka. Phazi linatera. Linanyamuka linzake. Ines anayenda ngati woledzera wosangalala, akuseka, manja ali m'mwamba. Ine ndinagwada n'kutambasula manja, koma anandidutsa osandiyang'ana n'komwe, ulendo kwa a Maureen amene ananyamula pepala la mabisiketi.

"Ndani wagenda m'malo oyera?"

Anali bambo wosamalira phanga, wovala malaya otuwa, akutuluka ndi makandulo m'manja, nkhope ili gwa. Ndinaimirira. Ndisanayankhe, apongozi anali atafika, akupuma ngati mvukuto, dzanja pachifuwa.

"Make Ines," anatero, "mwala wa woyera saponya ngati ukuthamangitsa galu."

"Pepani, amayi."

"Ndikulankhula ndi mpongozi wanga, bambo, dikirani." Anapuma. "Wachoka m'dzanja la mayi?"

"Wachoka."

"Wafika pamulu?"

"Tamva tonse," anatero mayi wathupi uja, akukonza mpango wake. "Wandidutsa pakhutu ngati njuchi."

"Chinayamba n'chiyani, mwala kapena phazi?"

Apa amayi a basi anamvetsa nkhani yonse, pakuti ambiri mwa iwo anabwerekapo miyala pamulu womwewo. Anayamba kulankhula onse nthawi imodzi. Mwala! Mwala unayamba! Wina anati anaona ndi maso ake phazi lili m'malere mwala ukugwa, ngakhale kuti nthawi imeneyo anali atawerama kuyang'ana nsapato zake. Wina anati mwana wake wamwamuna akufuna mkazi wa dzanja lotere. Bambo wa makandulo anayesa kunena za ulemu wa malo, koma mayi wathupi anamufunsa ngati iye anaberekapo, ndipo anabwerera m'phanga.

Apongozi anandigwira tsaya, n'kulitsina mopweteka.

"Usadzachitenso. Koma waponya bwino."

Kenako anatembenukira kwa achimwene awo. Amalume anali akadali pakakhoma, mwala wawo uli poyera, alibenso kobisa. Maso anali ofiira.

"Ndamutaya mwana, chemwali. Ndinangoti ndiuone pang'ono."

"Ndi umenewo?"

"Amayi anauika m'sutikesi, m'kati mwa sokosi. Ndinaupeza ndili pasitima. Ndasamuka nawo nyumba zonse, Maureen ankayesa ndi wotsekera chitseko." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali. "Ndinati ndiubweretse. Koma usiku wonse ndimaganiza, uyenera kuchoka m'dzanja la mayi. Amayi ali kumanda. Ndiye ndikauika ine, woyerayo aulandira? Mwina andiuza kuti bwerera nawo komwe wachokera."

"N'chifukwa chake mwatimwetsa khofi tsiku lonse?"

"N'chifukwa chake."

Apongozi anapachika korona m'khosi. Anatambasula manja awo patsogolo pa amalume, zikhatho pansi, zala zokhota zija, mfundo zotupa ndi madzi ozizira a pochapira.

"Tayang'anani. Ndi a ndani awa?"

Amalume anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi a amayi."

"Ndiye dzukani. Mwakalamba koma kupusa simunasiye."

Anaika dzanja lawo pansi pa la achimwene awo, mwala pamwamba, n'kuyamba kuyenda chotero. Amayi a mipango yachikasu anapanikizana kuzitsulo kuwapatsa njira, imene ine anandimana. Wina anayambitsanso nyimbo ija, kuyambira pachiyambi penipeni. Sindinaone mwalawo ukutera, chifukwa ndinali kuthamangitsa Ines amene anali atapeza kandulo ya munthu. A Maureen anali ndi foni m'manja koma sanajambule.

Potsika, mwana anakana kunyamulidwa. Ndikati ndimukweze ankakuwa mpaka thanthwe kuyankha. Ndinatsika njira yonse nditawerama, nditagwira diresi lake kumbuyo, iye akuima pa kamwala kalikonse kuti akaone bwino. Dzanja lamanzere linatsitsimuka, msana ndiye unaipiratu. Palibe amene anatifulumizitsa. Pamlatho tinakhala pansi pamthunzi paja, amalume anapeza vinyo wawo, ndipo ndinaimbira Nazario kuti amve mwana wake akugwetsa mipando ya eni ake.

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Galimoto ndinaisiya kunja kwa linga. Benchi ya pabwalo inali itasamukiranso pachipata kudikira nkhani, ndipo Ines analowa yekha pakati pawo, wopanda nsapato, bisiketi m'dzanja. Madala onse anayang'ana timapazi take.

"Splendora," anatero a Quirino motsitsa mawu, "mwala?"

"Unayamba ndi mwala. Tili ndi mboni basi yathunthu."

"Iwiri," anatero amalume, akugwedeza thumba la jekete lopanda kanthu. "Yapita iwiri."

A Quirino anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye kuti sitikuchotsanso pano? Kalanga ife. Sunthani anyamata, mumupatse malo, koma akhale kumapeto, benchi ingathyoke."

Anatulutsanso makiyi aja n'kuwaliza, ndipo ulendo uno palibe amene anawamenya dzanja.

Apongozi anasiya kupukuta matailosi tsiku lomwelo. Akuti maondo awo nawonso ndi anthu. Lachinayi ndinapita kumsika kukagula nsapato. Ndinasankha za mphira wokhakhala pansi, zokulirapo pang'ono kuti zifike nyengo yozizira, chifukwa misewu yathu ndi yotsetsereka ndipo mtsikanayu sayang'ana kumene akuponda.